Mipeni ya atate yadyedwa ndi dzimbiri

Achimwene,

Muli bwanji ku Joniko? Kuno ku Kanyama tilipo, koma amayi miyendo ikuwavutabe.

Mipeni ya malemu atate yozingira mbuzi ija yawonongeka. Paja ankasungunula kandulo, kuipaka phula lake n'kuikulunga m'nsalu kuti isachite dzimbiri nthawi ya mvula. Mlamu wathu, mkazi wa mng'ono wanu Yusufu, ataipeza pansi pa bedi anakuwa kuti, "Ivi ni vaufiti!" Anaitsuka ndi madzi otentha n'kuitaya kuseri kwa chimbudzi, Yusufu akuonerera. Ndinaitola dzulo m'matope, itafiira ngati njerwa. Amayi anangoisisita.

Chonde muimbireni foni mng'ono wanuyu, ine sandimvera. Mumufunse ngati nyama yozingidwa ndi mipeniyi imene inamulera inalinso yaufiti.

Mulungu akusungeni.

Mlongo wanu,
Amina