Mawu a Amayi Ndinawapatsa Mzukwa

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino, inu, alamu ndi ana. Nanga Amayi, chifuwa chija chinawasiyiratu, kapena chimabwererabe kukazizira? Mwendo wanu uja unaphwa? Ine kuno thupi lili bwinobwino. Chimene chikudwala ndi nkhope, ndipo mankhwala ake ali kwa inu.

Musadabwe kuti ndalemba kalata ngati munthu wopanda foni. Ndinayesa kawiri kukuimbirani, koma ndikangoganiza kaseko kanu kaja koyambira m'mphuno, chala chimakana kudina. Pepala siliseka munthu. Ndapatsira dalaivala wa basi uja kuti kalatayi ikufikeni Lachisanu. Muiwerenge muli nokha, ndipo musaisungire mawa. Chifukwa chake muchiona m'munsimu.

Ntchito ndikadali pomwe paja, pashopu yosindikiza mapepala. Zaka zinayi za ku yunivesite kuphunzira zopanga mafilimu, mpaka kuvala mkanjo ndi chisoti chamakona chija, zonsezo kuti ndizitsomphola mapepala otsamwa m'makina ndi kuuza anthu kuti pachithunzi cha chiphaso sasekerera. Abwana akuti ndili ndi tsogolo. Sananene kuti lili mbali iti.

Filimu yanga yoopsa ija inatha ndipo ili pamsika. Izi mukuzidziwa kale, poti alamu akuzilengeza ngati kamera anagwira ndi iwo. Msika wake si wa mabenchi. Ili patsamba la pa intaneti: munthu amalipira pafoni, n'kuidawuniloda, basi yakhala yake m'foni mwakemo. Mawu akuti yake muwasunge, tiwafunanso kutsogoloku.

Nkhani yake ndi yaifupi. Mtsikana wachita lendi chipinda chimene munamwalira mayi wina, ndipo mzukwa wa mayiyo sunamve zoti chipinda chinapeza mwini watsopano. Tinajambulira m'chipinda changa chomwechi, masana dzuwa lili pamutu, titakhoma mabulangete m'mazenera kuti mukhale mdima. Amene anasewera ngati mtsikanayo ndi namwino wa khomo loyandikana nane, pamasiku amene sali pantchito. Zojambula mawu anagwira mnzanga wa ku yunivesite amene timam'tcha Makutu, munthu woti amamva firiji ya nyumba yachitatu ikulira koma osamva ukamuuza kuti abwere msanga. Magazi tinapanga ndi utoto wotsala wa pageti, ndipo eni nyumba mpaka lero amandiyang'ana m'mbali akamadutsa pabafa.

Vuto linali mzukwa. Tinapempha mayi wa saluni ya pakona, tinam'paka choko chopera kumaso, n'kutuluka munthu wooneka ngati wagwera m'thumba la simenti. Ndiye ndinagamula, mwa nzeru zonse za digiri yanga, kuti mzukwa wathu usaoneke, uzingomveka. Koma mawu a mayi wa saluniwo ndi oitanira makasitomala. Ukawamva akunena kuti akubwera kudzakutenga, umafuna kuwafunsa ngati kuluka kwatsika mtengo. Namwino ankaseka m'malo mokuwa.

Tsono mverani bwino, poti apa ndi pamene ndinagwera. Polumikiza filimu pali chizolowezi choika mawu ongogwirizira: umatenga alionse amene ali pafupi, kuwaika pamalopo kuti uyeze kutalika kwake, enieni n'kudzalowa pambuyo. Makutu anandiuza kuti ndipeze uthenga wa mawu uliwonse m'foni mwanga. Ndinatsetsereza chala, n'kuima pa uthenga wa Amayi wa chaka chatha, umene anatumiza tsiku lotuluka m'chipatala. Muyenera kuukumbukira, poti foni munawagwirira ndi inu. Anati:

"Mwana wanga, uli wekha m'nyumbamo? Watseka chitseko? Usamaganize kuti sindikukuona. Ine ndimakuona ngakhale uli kutali."

Makutu anawachedwetsa pang'ono mawuwo, n'kuwachititsa kumveka ngati akuchokera kuseri kwa khoma. Atamvetsera anavula zomvera zake, n'kundionetsa mkono wake utachita tsemwe. Anati kupuma kumene kukumveka pakati pa mawuwo, kokoka ngati mpweya ukudutsa pakachiboo, palibe wosewera angakutsanzire ngakhale utam'phunzitsa chaka. Ine kupuma kumeneko ndinkakudziwa. Chinali chifuwa chimene chinatsala pang'ono kutilanda Amayi. Ndinayankha kuti n'zongogwirizira, tidzachotsa.

Sitinachotse. Tinayesa mawu a anthu anayi, ngakhale anga omwe, koma onse ankamveka ngati akuwerenga chidziwitso cha maliro a munthu wosamudziwa. Tsiku loika filimu patsamba lija, panatuluka funso loti kodi onse amene nkhope kapena mawu awo ali m'filimuyi anavomera. Pali kabokosi kochonga. Ndinakayang'ana nthawi yokwana kuwiritsa madzi a tiyi, kenako ndinachonga. Kumapeto kwa filimu, pamene pamadutsa mayina a osewera, ndinalemba kuti mzukwa ndi mnzathu wina. Mnzathu wina, achemwali. Munthu amene anandinyamula miyezi isanu ndi inayi n'kundichapira matewera.

Sabata yoyamba ndinadzitonthoza kuti palibe adzamve, poti panalibenso wogula. Anagula anthu asanu ndi anayi, ndipo asanu ndi awiri ndimawadziwa mayina. Namwino anagula kawiri, osati chifukwa chondikonda, koma anadina molakwika. Kenako wina anadula kachidutswa ka mawu aja n'kuyamba kukatumiza kwa anzake, anzakewo kwa anzawo, ndipo anthu anayamba kubwera kudzagula filimu yonse.

Ndemanga zawo ndiye musachite kufunsa. Wina analemba kuti kuwala kwake kuli ngati tinajambulira m'thumba la buluku. Wina anaona bulangete pazenera, n'kufunsa ngati kambuku wojambulidwa pabulangetepo alinso m'gulu la osewera. Wina, amene ndikukhulupirira kuti sanajambulepo ngakhale ukwati wa mphaka, anandilangiza kuti ndikaphunzire ntchitoyi kusukulu. Ine! Koma onsewo akafika pa mzukwa amagwada. Mmodzi anachita kulemba kuti m'filimu yonse wosewera weniweni ndi mmodzi yekha, mzukwawo, enafe tikafune ntchito zina. Ndiye taonani chilungamo cha dziko lino. Ine ndawerenga mabuku onenepa ngati njerwa, ndalemba mayeso a kaimikidwe ka kamera, koma wondiposa ndi mayi amene amalankhula pafoni ataizondotsa. Akale anati mawu a akuluakulu amakoma akagonera. Sananene kuti amagulitsanso malonda.

Ndinkaseka choncho, monga mukusekera inu panopa, mpaka Lachiwiri lina. Pashopu panabwera azimayi awiri a mu ofesi ina kudzasindikiza mapepala. Podikira, mmodzi anazembera mnzake kumbuyo, n'kumunong'oneza m'khutu funso la chitseko lija. Anatsanzira zonse, mpaka kukoka mpweya kuja, atagwira pachifuwa ngati akubanika. Anaseka mpaka kutsamira kauntala. Mnzakeyo anati mayi ameneyo, kaya ndi ndani, ayenera kuti ndi woopsa ngakhale pamaso. Ine ndinali pomwepo, mapepala awo ali m'manja. Ndinazyolika. Ndinawapatsa mapepala awo, n'kuwathokoza.

Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikulephera kutsegula mauthenga a Amayi. Anaunjikana asanu, milungu itatu. Ndikangoona kachizindikiro kawo, m'mutu mumamveka mawu ochedwetsedwa aja, a kuseri kwa khoma. Munandilembera kuti Amayi akufunsa ngati ndikudwala kapena anandilakwira. Yankho lake ndi limeneli. Sanandilakwire. Ndinatenga mawu amene munthu anandituma nawo chikondi ali ndi theka la mpweya, n'kuwasandutsa choopsezera anthu osawadziwa.

Mwina ndikanakhalabe chete, ndisaname, pakanapanda amuna anu. Lolemba alamu ananditumizira uthenga wodzaza ndi timitima ndi timanja towomba. Akuti agula filimu ya mlamu wawo, ili m'foni, ndipo sanaionere dala kuti tidzadzidzimukire limodzi. Akuti Lamlungu masana adzailumikiza ku wailesi yakanema ya pabalaza, aitana azakhali, a kwaya anzanu ndi anansi a mbali zonse ziwiri, ndipo Amayi awasungira mpando wakutsogolo, wa khushoni uja. Munthu mmodzi m'banja lonse amene wandikhulupirira mpaka kulipira ndi dzanja lake, ndiye amene wandikumbira dzenje. Ndinayesa kuwauza kuti filimuyi ndi yoopsa, si yoyenera mtima wa munthu wamkulu. Anandiyankha kuti afunsa kale, ndipo Amayi ati munthu amene analera inu ndi ine palibenso chingamuopse.

Ndinathamangira palaputopu kuti ndiichotse patsamba. Makutu anandigwira dzanja n'kundikumbutsa zimene ine ndemwe ndimauza ogula monyadira: ukadawuniloda, yakhala yako. Kutseka sitolo sikubweza katundu amene anthu anapita naye kwawo. Ikanakhala ya pachimbale ndikanakutumani kuti muikande ndi foloko. Iyi ili m'foni ya alamu, ndi m'mafoni ena amene sindidzawaona n'komwe. Madzi akatayika saoleka.

Pempho langa ndi limodzi. Sindikukupemphani kuti mubise foni ya alamu kapena muzimitse magetsi pa mita, ngakhale zonsezi ndinaziganiza, ndipo ya mita ndinaiganiza kawiri. Ndikupempha kuti Loweruka mubwereke foniyo, mulowe ndi Amayi kuchipinda kwawo, awiriwiri, mutseke chitseko. Muyambe mwawauza ndi pakamwa zimene ndachita. Kenako muwatsegulire pa mphindi ya makumi awiri ndi zitatu, pamene namwino akuzimitsa nyale. Asadzazimve koyamba pamaso pa azakhali, anthu atatembenuka kuwayang'ana, wina n'kuseka. Zimenezo ndiye sindingazipirire, ndipo iwo sanalakwe kanthu kuti ziwachitikire.

Musandikometsere nkhani. Musanene kuti anandinyenga ndi Makutu, poti iye mpaka sabata yatha ankaganiza kuti ndinapempha. Musanenenso kuti ndi ulemu wa mtundu wina, ngati mmene ophunzirafe timachitira tikagwidwa. Muwauze kuti ndinatenga osapempha, ndinanama pa kabokosi, ndipo dzina lawo ndinalibisa chifukwa ndinkadziwa kuti ndalakwa.

Akamva, agamule okha. Akati ichoke, ndiichotsa patsamba tsiku lomwelo, ndipo ndidzabwezeretsa mawu a mayi wa saluni, anthu aseke mpaka atope. Zimene zinapita kale m'mafoni a anthu sindingazibweze, ndipo muwauze zimenezonso, asaganize kuti ndingathe. Akati ikhale, ndilemba dzina lawo lonse mmene akufunira, pamwamba pa langa, ndipo chimene filimuyi ikubweretsa chikhala chawo. Za Lamlungu agamulenso okha, kaya lichitike kaya alamu aonetse mpira. Ndipo akafuna kundikalipira, asatumize uthenga. Aimbe. Ndidzayankha kulira koyamba, ndipo kamodzi kokha m'moyo wanga sindidzayankhira.

Inunso ndikudziwa kuti muli ndi mawu anu. Foni ija munaigwira ndi inu, mutakhala pamphepete pa bedi, ine ndili kuno kujambula mizukwa. Munene zonse, ndazigula ndekha. Mungodikira Loweruka lidutse.

M'mawa uno, ndisanamate envelopu, ndinalimba mtima n'kutsegula uthenga wawo womaliza. Mawu awo ayera, achemwali, kukoka kuja kulibenso. Akuti amva kwa alamu kuti m'filimu yanga muli mzukwa umene ukusowetsa anthu mtendere, ndipo akunyadira kuti sukulu ija sinapite pachabe. Akuti Lamlungu adzavala diresi yawo yobiriwira ija, ndipo ndiwauze amene anasewera mzukwayo kuti adzamuyamikire. Pomaliza anatsokomola pang'ono, n'kufunsa ngati ndikumatseka chitseko.

Mundiperekere moni kwa alamu, ndipo muwauze kuti sindinawakwiyire, kungoti chikondi chawo chili ndi mano. Moni kwa azakhali, kwa amalume ndi akazi awo, ndi kwa ana anu onse atatu, amene asaonere filimuyi mpaka atamera ndevu, ndi wamkazi yemwe. Amayi musawapatse moni wanga Loweruka lisanafike, poti sindinayenere. Mukamaliza zonse, ngati adzakhale akufunabe kumva za ine, muwauze kuti chitseko ndimatseka tsiku lililonse, ndipo zoti amandiona ngakhale ndili kutali sindinazikayikepo ngati mmene ndikuzikhulupirira sabata ino.

Ndine mng'ono wanu wozyolika,
Kamlomo