Bedi la Pansi, Kutali ndi Apongozi

Lolemba, 1 Julaye
Mwana wanga Fainess wabwera ndi nkhani. Malo m'sitima apezeka. Mbeya mpaka Dalesalamu, chogona. Kukaona khanda la mdzukulu wanga Olivia. Akuti mabedi amatha msanga, anaimba foni kukadali milungu itatu. Ine zaka makumi anayi ndikuthyola tiyi, ulendo wanga wautali unali Limbe. Polemba izi, zilembo zanga za sukulu ya kwacha zatuluka mumzere.

Lachinayi, 4 Julaye
Chakudya sichikulowa. M'sitimamo akuti amuna kwaokha, akazi kwaokha, pokhapokha banja litagula chipinda chonse. Ndiye amuna ake a Fainess, a Fackson, agula chonse. Mabedi anayi, ife atatu. Chifundo, inde. Koma ine kugona chipinda chimodzi ndi apongozi? Munthu woti tikakumana panjira ndimapatukira m'tiyi? Fainess akuti, "Amayi, kunja kulibe zimenezo." Kunja kulibe, koma ine ndikakhalako. Khandalo sindilisiya. Ndikangoima panja pa chitseko mpaka kuche, basi.

Lachiwiri, 9 Julaye
Mbeya. Masiku awiri m'basi. Kuzizira kuposa kwathu kwa Chimaliro. Bulangeti ndatenga, madzi, chinangwa chophika, mtedza. Miyendo yatupa kale. Kuima usiku wonse, kaya.

Lachitatu, 10 Julaye
Takwera. M'chipinda sindinalowe. M'kanjira kodutsa anthu ndinapeza mayi wa ku Chipata, a Alesi, misozi mbwee. Amuna awo odwala shuga, ulendo wa kuchipatala. Awaika kwa amuna, iwo kwa akazi. Zogula chipinda chonse sanadziwe. Usiku awayang'anira ndani? Ndinati, "Mayi, chimene mukulirira inu ndi chimene ndikuthawa ine."
Tinapita kwa kondakitala, a Alesi akumasulira. Anaona matikiti, anandiona ine, anaseka, anavomera. Awiriwo kwa a Fackson ndi Fainess. Ine kwa azimayi. Bedi la pansi! La pamwamba n'la a mawondo abwino. Wokalamba azipempha la pansi pogula pomwepo, ndikawauze a kumvano.

Lachinayi, 11 Julaye
Ndagona! Ine Teleza, chotambalala, dziko likuthamanga pansi panga. Sitima kundigwedeza ngati mwana kumbuyo. Anzanga a m'chipinda Chiswahili chokhachokha, koma mtedza tinamvana. M'mawa pawindo akadyansonga awiri, makosi ngati mabulugamu. Ndinakuwa. Amuna a a Alesi adzuka bwino, adya phala.

Lachisanu, 12 Julaye
Khanda ndalinyamula. Lolemera, mphuno ya malemu amuna anga.
Madzulo Fainess wandinong'oneza. Zogula chipinda chonse zija, anawakakamiza amuna ake ndi iyeyo. A Fackson chichokere ku Thyolo tulo ayi, manyazi. Anali atakonza kale zawo: kuima panja pa chitseko mpaka kuche, kuti ine ndigone.
Tikanaima pamenepo awiriwiri, ine ndi apongozi, usiku wonse, Fainess akuliza mkonono pa mabedi anayi.