Thanki ya lole ya bambo

Lachitatu. Kwazizira tsiku lonse, ndipo mtima wanga sunakhazikike.

Kalole ka malata kamene ndikupanga, kofanana ndi lole imene malemu bambo ankanyamulira fodya, katsala pang'ono kutha. Koma ndinaiwala mbali imene kunali thanki ya dizilo. Ndiye ndinapita ku Dzoole kwa amalume, amene ankayenda nawo maulendo onse. Akalamba, poyamba sanandizindikire n'komwe.

Nditawapatsa kaloleko, anakasisita ndi chala mpaka chalacho chinaima pansi pa chitseko cha dalaivala.

"Apa. Bambo ako amapondapo pokwera, mpaka penti yonse inachoka." Anaseka pang'ono, kenako anandifunsa, "Nanga bwanji masiku ano sabwera kudzandiona? Ukawauze."

"Ndikawauza, amalume."

Kathankiko ndadula kale, koma kuti ndikawotcherere, manja akukana. Mwina mawa...