Ophunzira Unamwino Akuthawa Jogalafe Yanga

Aphungu,

Ndine mphunzitsi pa yunivesite ina kuno ku Kabwe. Pano tilibe digiri ya jogalafe, ndiye ndimangoiphunzitsa kwa ophunzira unamwino, ola limodzi Lachinayi masana. Mwa ophunzira makumi asanu, amabwera khumi ndi awiri, enanso maso ali pa foni.

Sikuti ndimachita ulesi ayi. Ndimagwiritsa ntchito manotsi omwe anatiphunzitsira ife: mitsinje ya ku Ulaya, mapiri a madzi oundana. Sabata yatha mtsikana wina, Philomena, anakweza dzanja mwaulemu n'kufunsa, "Madamu, kodi mtsinje wa Rhine udzandithandiza bwanji kubaya jekeseni?" Kalasi yonse inafa nacho chiseko. Mpaka lero zikundiwawa.

Akuluakulu anena kuti ambiri akalepheranso chaka chino, phunziroli alichotsa, ntchito yanga ithera pomwepo. Kodi ndiziwaopseza ndi mayeso, kapena ndingosiya ndekha?

N. Z., Kabwe

A N. Z.,

Musasiye, ndipo zoopsezazo iwalani. Philomena sanakunyozeni, anafunsa funso labwino kuposa manotsi anuwo. Inu mayi, mukuphunzitsa za madzi oundana m'tauni imene fumbi la mgodi wakale lili ndi mtovu, chitsulo chapoizoni cholowa m'magazi mwa ana?

Lachinayi likubwerali tsekani manotsiwo. Aliyense ajambule mapu a kumene amakhala, kaya ndi ku Makandanyama kaya ku Nakoli. Asonyeze pamene pali zitsime ndi zimbudzi, pamene madzi amadikha nthawi ya mvula, ndi mbali imene mphepo ya mu Ogasiti imachokera. Sabata inayo kwerani nawo minibasi mukaone malowo ndi maso. Pobwerako muwafunse kuti mwana akabwera ku kiliniki kachitatu mwezi umodzi ndi matenda omwewo, namwino wanzeru ayambe wafunsa chiyani. Dikirani, wina ayankha yekha kuti afunse kumene mwanayo amasewera ndi kumene amayi ake amatunga madzi.

Koma samalani. Akuluakulu anu aone dongosololi musanayambe, mayeso agwirizane nalo. Ndipo ophunzira asamangolowa pakhomo pa anthu ndi mafoni n'kuyamba kujambula. Apemphe kaye, ndiponso asauze mayi aliyense kuti mwana wake akudwala asanapimidwe.

Kubaya jekeseni amuphunzitsa ena Philomenayo. Inu muphunzitseni kudziwa kumene wodwala wake akubwerera akatuluka m'chipatala.

Aphungu