Marozi a Lonia

Mudzi wa Kapachika,
Pembamoyo, Chadiza.
11 Disembala 2023

Okondedwa alongo anga a Fyness,

Ndikhulupirira kuti muli bwino ku Kitwe kumeneko pamodzi ndi alamu. Kuno mvula yabwera mochedwa, chimanga changomera kumene. Ine thupi lili bwino, kungoti chakudya sichikundikomera. Ndasankha kulemba chifukwa pamene timatchajira mafoni pamakhala makutu ambiri.

Mukukumbukira marozi ofiira aja akazi anga a Lonia anagula ku Chipata, tinabzala kutsogolo kwa khonde? Iwo ankangokonda kuwayang'ana, wosamalira ndinali ine. Kuthirira pa tsinde osati pa masamba, kuwaza phulusa chifukwa cha chiswe, kuchotsa nsabwe ndi zala, kudulira ndi sizasi mopendeketsa kuti madzi asakhale pa bala. Tsiku la maliro awo amayi a Chigwirizano anafuna maluwa opangira nkhata. Sindikuwadandaula, anachita mwa chikondi. Koma anabwera ndi chikwakwa, ine ndili m'nyumba ya siwa, nadula mitengo yonse mpaka pansi ngati akumweta udzu.

Titameta, akuchikazi anandiitana pansi pa mango. Inu mukudziwa mwambo wathu. Mkamwini mkazi akamwalira amasudzulidwa, nabwerera kwawo, makamaka ngati ine amene Mulungu sanandipatse mwana pamudzi pano. Palibe anandilankhula mwaukali. Anapemphera, nandiyamikira kuti ndinawadwazika bwino a Lonia. Nyumba anati idzakhala ya Tinenenji, mwana wa mng'ono wawo wa malemu, amene ali pa chitomero.

Atandifunsa ngati ndili ndi mawu, ndinangoti, "Ndiloleni ndione kaye marozi aja atamasulanso."

A Filimoni, mlongo wawo wa a Lonia, anaseka mpaka kutsokomola. "Alamu, ena amapempha mbuzi kapena njinga, inu mukupempha duwa? Chabwino. Likadzamasula ndiye tsiku lanu. Koma musakaliuze kuti lizichita ulesi!"

Onse anaseka, nkhani nkutha choncho.

Tsono alongo, pali chimene anthu kuno sadziwa. Marozi ogula aja amakhala omezanitsa. Pansi ndi mtengo wina wolimba wosabala maluwa abwino, pamwamba ndiye pali rozi leniweni. Chikwakwa chija chinadula kunsi kwa mfundo yolumikizira. Zimene zaphuka ndi nthambi za mtengo wapansi uja, zazitali, zaminga, masamba ang'onoang'ono. Odutsa amati, "Taonani, maluwa a Lonia auka!" Ine ndimangovomera. Ndinkadziwa kuti duwa lofiira silidzatulukapo, ndipo mumtima ndinati basi, ndikhala.

Koma mtengo wa kumapeto, pafupi ndi mtsuko, chikwakwa chinauphonya pang'ono. Unatulutsa nthambi imodzi yeniyeni, masamba ake ofiirira. Mu Okutobala inaonetsa kamutu ka duwa. Ndinakayang'ana nthawi yaitali, kenako ndinakatsina ndi chikhadabo nkukakwirira. Kachiwiri katabwera ndinachitanso chimodzimodzi. Ndinkadziuza kuti mtengo ukadali wofooka, suyenera kubala msanga, ndipo zimenezo ndi zoona ndithu. Koma si chifukwa chake ndinachitira.

Tinenenji ndiye amanditungira madzi kuchokera pamene mayi ake aakulu anatisiya. M'chilimwe chonse mjigo uli ndi mzere wautali, iye ankabwera ndi ndowa yapadera ya maluwa. Tsiku lina anaima ndi ndowa pamutu nati, "Atate, kodi sikanali apa kamutu kaja?"

Ndinati, "Kapena mbuzi."

"Mbuzi zake za a Filimoni zimenezo, zilibe mwambo ngati eni ake," anatero. Madzulo ake anakadula minga nakuta mpanda wonse, manja ake ali magazi okhaokha.

Kenako ndinamva kwa amayi ena kutchalitchi kuti akuchimuna abwera kale kudzafunsa za tsiku la ukwati wa Tinenenji, ndipo ayankhidwa kuti nyumba sinakonzeke. Akuti mnyamatayo abale ake ayamba kumuonetsa mtsikana wina ku boma. Tinenenji sanandiuzepo zimenezi. Amangobwera, "Mwadzuka bwanji atate," nkuthira madzi pa tsinde monga ndinamuphunzitsira.

Mvula yoyamba itagwa, kamutu kena kanatuluka. M'mawa mwake ndinapita ndi chikhadabo changa chomwe chija. Ndinapeza mwanayo wang'amba kachidutswa ka neti ya udzudzu, wakamangirira bwinobwino pa nthambi ndi ulusi kuti ziwala zisakadye. Anamanga mosathina, kusiya malo oti duwa likule. Alongo, ndinangokhala pa khonde. Sindinathe kukatsina.

Duwalo lamasula Lamlungu lapitali. Ndi laling'ono, mbali imodzi yopiringizika, koma ndi lofiira, ndipo fungo lake ndi lomwe lija. Tinenenji ataliona anayamba kululutira, kenako anandiyang'ana nkudzigwira pakamwa.

"Atate, ine sindiuza munthu," anatero.

Ndinati, "Pita ukawaitane amalume ako."

A Filimoni anabwera, navula chipewa, naima pamenepo. Ndinkayembekeza nthabwala zawo koma sizinabwere. Anangoti, "Alamu, mudye nafe Khirisimasi." Ndavomera. Ikangopita ndinyamuka.

Ndiye pempho langa ndi ili. Tumizani mawu kwathu ku Zemba kuti ana a malemu achimwene akaone nyumba ija ya amayi, ngati denga likadalipo ndiponso ngati chitseko chimatsekeka. Udzu wofolera nthawi ino ndi wovuta, koma ngakhale pepala la pulasitiki lingandisunge mpaka mvula ithe. Muwauze asavutike ndi zambiri. Katundu wanga akwana pa njinga: zovala, khasu, Baibulo ndi mpando umodzi. Munda wa chimanga ndausiya m'manja mwa a Filimoni. Mtengo wa rozi sindizula. Mizu yake yapita pansi kwambiri, ndipo pamudzi pano ndi pawo pa a Lonia.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze asaleke kumwa mankhwala a shuga aja. Moni kwa Chikondi ndi ana ake. A Filimoni akuti moni. Tinenenji nayenso akupereka moni, ndipo wandipempha kuti ndimuphunzitse kudulira ndisanapite. Tinayamba dzulo, sizasi ndamupatsa. Dzanja ali nalo labwino, kungoti amafulumira. Ndamuuza kuti azidula pamwamba pa mfundo nthawi zonse, ndipo ndabwereza mpaka wandiseka.

Mundikumbukire m'mapemphero.

Ndine mlongo wanu,
Manase