Malekodi a Tembo pa Thandala

Amayi anga, kodi uko munapitako muli bwanji?

Ndine Agnesi. Zilembo zikakhota musadabwe, ndikulemba mofulumira. Ndiyambe ndi zabwino, monga munkachitira inu. Mng'ono wanga Rozina wabereka mwana wamwamuna wonenepa, ndipo wabatizidwa kale. Mtedza wa m'munda mwanu ku Madzimoyo unachita bwino, amalume anaukumba, koma denga la nkhokwe lagwa mbali imodzi, palibe walikonza. Mbuzi yanu yamawanga ija ikuvutabe anthu m'madimba.

Inenso ndili ndi pakati, miyezi inayi. Akudziwa ndi amuna anga a Tembo okha, ndi inu tsopano.

Munamwalira musanaone nyumba yathu. Mzungu amene ankalamulira a Tembo ku ofesi ya kasitomu pamalire ku Mwami atabwerera kwawo, iwo anakwezedwa, boma linatipatsa nyumba yamagetsi muno m'Chipata. Iwo amagona ku ntchito, amabwera Loweruka.

Mwezi watha ananditenga ku sitolo ya Mmwenye kukasankha galamafoni. Si yopukusa ndi dzanja ngati ya aphunzitsi a kwathu ija ayi. Iyi ndi yamagetsi, yaitali ngati bokosi la maliro, ndipo ili ndi masipika awiri, mabokosi otulutsa mawu, oima paokha. Anamvetsera magalamafoni atatu ndi lekodi limodzimodzi, atatsinzina, ine nditaima pakhomo miyendo ikuwawa. Anati, "Iyi ng'oma yake ikulira ngati ili m'chitini. Tipatseni iyo."

Kuiika m'nyumba kunatenga tsiku lonse. Sipika ina pakona ya kuzenera, ina pakona ya kukhomo, ndipo anayeza ndi chingwe kuti mpando wawo utalikirane nawo mofanana. Anaika sosala ya madzi pamwamba pa galamafoni kuti aone ngati yapendekeka, kenaka anapinda kapepala n'kulowetsa pansi pa mwendo umodzi. Ine ndinayala kansalu kanga kopeta pa sipika kuti pakongole. Anakachotsa, amvekere, "Mawu safunda, Agnesi."

Atamaliza anandikhazika pampando paja. "Tatsinzinani." Amayi, mzimayi anayamba kuimba, koma mawu ake sankachokera kumanja kapena kumanzere. Ankachokera pakati, pakhoma, pamene panalibe munthu. Ankakweza ngati inu mu kwaya pa Pasaka. Ndinadzuka n'kuchita chizindikiro cha mtanda. A Tembo anaseka mpaka misozi, koma sikunali kundinyoza. Anandibwerezera nyimboyo katatu.

Wondinyoza ndi alamu anga a Magireti, mlongo wawo, amene ndi namwino. Tsiku lomwelo anati, ine ndikumva, "Achimwene, muikiye. Mkazi wa sitandade foro uyu adzatereka mphika pamwamba pake." Ali ndi mnzawo mphunzitsi wosakwatiwa, amamutchulatchula kwa a Tembo pachakudya. Ine ndimangoyang'ana pansi.

Mawa Lamulungu abwana atsopano a a Tembo akubwera ndi akazi awo kudzamva galamafoni. A Tembo akhala akudikira tsikuli ngati ukwati.

Lachinayi ndinayamba kukonza m'nyumba. Fumbi la Okutobala mukulidziwa. A Tembo anandiletsa kugwira singano ya galamafoni, koma za malekodi sananene kanthu. Nditawatulutsa m'mapepala mwake ndinaona fumbi ndi zidindo za zala. Ndinakumbukira mawu anu aja, akuti mlendo amaona litsiro asanaone nkhope ya mwini nyumba. Ndinatenga asanu ndi limodzi, ndinawatsuka m'beseni ndi sopo, pang'onopang'ono, osanyowetsa kapepala ka pakati. Ananyezimira bwino, mtima wanga unakondwa. Ndinawayanika pathandala pamodzi ndi makapu, n'kupita kuchigayo.

Pobwera ndinawapeza atapindika ngati chikopa cha mbuzi chouma padzuwa. Onse. Ndinakhala pansi pomwepo, dengu la ufa lidakali pamutu.

Ndinawaika pakati pa matabwa awiri, pamwamba ndinasanjikapo mtondo. Agona choncho masiku awiri. Limodzi lasweka, ena sanawongoke. M'mawa uno ndachitanso chimene anandiletsa. Ndagwira singano, ndaika lekodi la mzimayi uja. Singano imakwera n'kutsika ngati ngolo pamsewu wa ku Chipangali, ndipo mawu aja, Amayi, amalira. Amakwera, amagwa, monga ankalirira azakhali pa maliro anu. Ndinazimitsa n'kuthamangira kunja kukasanza.

Ndaganiza zambiri zoipa. Ndaganiza zowaponya m'chimbudzi n'kunena kuti kunabwera akuba. Ndaganiza zonena kuti dzuwa linalowera pazenera. Ndinamanganso zovala zanga m'chitenje, kenaka ndinamasula. Ndipite kuti? M'nyumba yanu muli Rozina ndi khanda. Amalume adzandifunsa chimene chandibweza, ndipo mudzi wonse udzamva kuti mwana wa malemu Nabanda ukwati unamuthera pathandala. A Tembo sanandikwezerepo dzanja. Chimene ndikuopa ndi choti adzayang'ana malekodiwo, adzayang'ana ine, n'kuona mkazi amene a Magireti amanena.

Mukanakhalapo mukanayamba mwaseka, ndikudziwa. Kenaka mukanati, monga tsiku lija ndinaswa mtsuko wanu n'kukwirira mapale kuseri kwa khola, "Mapale obisa amacheka mwini wake." Munandituma kukawafukula ndekha, ndibwere nawo m'manja.

Ndiye ndawafukula, Amayi. Ndawachotsa pansi pa mtondo. Ndawasanja pampando wa a Tembo uja, pakati pa masipika, losweka pamwamba, kuti akangolowa awaone ine ndisanapeze mpata wonama. Madzi osamba ndatereka. Basi ya ku Mwami imafika dzuwa litapendeka, ndipo mthunzi wa mtengo wa mango wafika kale pakhonde.

Mundipempherere kuti mawu atuluke, mukudziwa mmene amandithawira. Ndikulonjeza kuti ndidzayamba ine kulankhula, nditaimirira. Ndipo mwanayu akakhala wamkazi, kaya abadwira muno kaya ku Madzimoyo, adzatchedwa dzina lanu.

Geti yalira.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Agnesi