Kukaona Tamanda kwa Abuda

Loweruka madzulo. Kukuzizira, kamvula kakungowaza.

Ndangofika kuchokera ku kachisi wa Abuda, komwe akulera mng'ono wanga Tamanda chimwalirireni amayi. Chifanizo cha Buda n'chachikulu moti ndinachita mantha. Tinakwera masitepe mpaka pakhonde lapamwamba loonera kutali, ndipo ndinamulozera Tamanda mapiri.

“Kwathu kwa Kanduku ndi uko.”

Anangoti, “Eya.”

Ndinamutulutsira nkhuku yokazinga imene ndinamuphera dzulo.

“Asisi, kuno sitidya nyama. Mubwerere nayo.”

“Nanga pa holide ubwera kumudzi?”

“Ndikapemphe kaye.”

Wanenepa, ali ndi nsapato, akuphunzira. Ndiyenera kukondwa. Koma pachipata anaphatikiza manja n'kundiweramira, monga amachitira ndi alendo onse. Inenso ndinawerama. Ndinasowa chochita.

Ndalekera pano. Loweruka, 6 koloko.